Thupi Likapepuka, Mafupa Amapepukanso

Anthu amene amafika pa chipatala cha boma ngati cha Kasungu atathyoka fupa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la anyamata ndi abambo amphamvu zawo: wina wagwa pa kabaza wa njinga yamoto mumsewu wa M1, wina ngolo yamugudubukira, wina wagwa padenga pofolera. Kuti fupa la munthu wotere lithyoke pamafunika ngozi yeniyeni. Gulu lachiwiri ndi la agogo amene anangoterereka pamatope pochokera kubafa, kapena kupunthwa pa chitsa popita kudimba. Mwana wa zaka 10 akanagwa choncho akanadzuka n'kusasa fumbi, koma agogowo sanadzukenso okha.

Kumudzi ngozi yotere imabutsa manong'onong'o. Munthu angathyoke bwanji ntchafu pabwalo la nyumba yake? Ena amafulumira kunena kuti pali dzanja la munthu. Chenicheni n'chakuti fupalo linayamba kutha kalekale, ndipo kugwako kunangomaliza ntchito. Madokotala amatcha vutoli osteoporosis, kufooka kwa mafupa. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limanena kuti padziko lonse mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu a zaka zoposa 50 adzathyoka fupa chifukwa cha vutoli. Mwa zinthu zonse zimene zimalosera amene adzathyoke, chimodzi chimaoneka ndi maso ndipo chimayezeka ndi sikelo wamba: kulemera kwa thupi.

Fupa ndi chinthu chamoyo

Popeza fupa timaliona likauma, m'mbale kapena pa dzala, timaganiza kuti ndi chinthu chouma chimene chinapangidwa kamodzi n'kutha. M'thupi la munthu wamoyo sizili choncho. Mafupa 206 a munthu wamkulu ali ndi mitsempha ya magazi ndiponso maselo amene sapuma. Maselo ena, otchedwa osteoclast, amakumba fupa lakale n'kulisungunula. Ena, otchedwa osteoblast, amabwera pambuyo pawo kudzatseka maenjewo ndi fupa latsopano. Pa chaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa onse limasinthidwa motere.

Paubwana ndi paunyamata omanga amaposa okumba. Pafupifupi kota ya kashiamu yense amene munthu adzakhale naye m'mafupa atakula imalowa m'zaka ziwiri zokha zimene mwana amatalika mofulumira pa nthawi yotha msinkhu. Pofika zaka pafupifupi 30 mafupa amakhala atafika pachimake. Kuchokera cha m'ma 40 okumba amayamba kutsogola pang'onopang'ono. Kwa amayi zinthu zimathamanga akasiya kusamba, chifukwa homoni ya estrogen, imene inkaletsa okumbawo kupyola malire, imatsika kwambiri. M'zaka zozungulira nthawi imeneyi mayi amatha kutaya magawo awiri pa 100 a fupa la msana chaka chilichonse.

Kutha kumeneku kumachitikira m'kati. Kumathero a mafupa aatali ndiponso m'mafupa a msana muli timizati ting'onoting'ono tolukanalukana. Timizatito timayamba kupyapyala, kenako tina timaduka, ndipo timene taduka sitilumikizikanso. Mlimi wa fodya amadziwa mzati wa chigafa umene chiswe chadya m'kati: kunja umaoneka wabwinobwino, umasenza ndawala za fodya mlungu wonse, kenako tsiku la mphepo umangoti phwa. Fupa lofooka silipweteka mpaka tsiku limene lathyoka.

Fupa limamvera katundu

Mu 1892 dokotala wa mafupa wa ku Berlin, Julius Wolff, anafalitsa mfundo imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake: fupa limadzikonza molingana ndi katundu amene likusenza. Likamapanikizidwa kawirikawiri limakhuthala pamalo pamene pakupanikizidwapo. Likasiyidwa osagwira ntchito, thupi limaona ngati kulisunga n'kuwononga chakudya, ndiye limaligumula. Amene amamva kupanikizikako ndi maselo okwiririka m'kati mwa fupa, otchedwa osteocyte, ndipo ndi iwo amene amatumiza uthenga kwa omanga ndi okumba.

Umboni woonekeratu unachokera kwa anthu opita mumlengalenga. Kumeneko thupi sililemera, munthu amangoyandama. Ngakhale amadya bwino ndiponso ndi anthu athanzi, amataya gawo limodzi kapena limodzi ndi theka pa 100 la fupa la m'chiuno mwezi uliwonse, zimene nkhalamba ya pansi pano imataya pa chaka. Wodwala amene wagona pamphasa miyezi ingapo zimamuchitikiranso chimodzimodzi.

Apa ndi pamene kulemera kwa thupi kumalowera. Mayi wa makilogalamu 65 akamayenda, mafupa ake a miyendo, chiuno ndi msana amalandira katundu wokulirapo pa phazi lililonse kuposa a mnzake wa makilogalamu 45. Komabe chimene chimakoka fupa mwamphamvu kwambiri ndi minofu imene yamatirira pa fupalo. Munthu akamadzuka pansi, akamakwera chulu, akamatukula khasu, minofu imakoka fupa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kangapo. N'chifukwa chake akatswiri akasiyanitsa kulemera kwa minofu ndi kulemera kwa mafuta, amapeza kuti minofu ndi imene imayendera limodzi kwambiri ndi kulimba kwa mafupa.

Pali njira zina ziwiri zimene thupi lokhala ndi mnofu limatetezera mwini wake. Yoyamba ndi ya homoni: mayi akasiya kusamba, estrogen wochepa amene amatsala m'magazi amapangidwa makamaka m'mafuta a m'thupi, choncho mayi wowonda kwambiri amatsala ndi wochepetsetsa. Yachiwiri ndi yosavuta kumva. Pambali pa chiuno pali nsonga ya fupa la ntchafu imene aliyense angaikhudze ndi chala. Chapamwamba pake fupalo limapindika n'kupanga kakhosi kopapatiza kamene kamalowa m'chiuno. Munthu akagwa chammbali, mphamvu yonse ya kugwako imamenya nsongayo n'kukathera pa kakhosiko. Amene ali ndi mnofu pamenepo mphamvuyo imamwazika. Amene watsala khungu ndi fupa imamufika yonse.

Zimene manambala amanena

Poyerekeza kulemera kwa anthu osiyana misinkhu, azaumoyo amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa BMI: makilogalamu a munthu kugawa ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Tiyerekeze mayi wotalika mamita 1.55. Akamalemera makilogalamu 44, BMI yake ili pansi pa 18.5, kutanthauza kuti ndi wowonda mopyola. Pa makilogalamu 48 BMI ndi 20, pa 60 ndi 25, ndipo pa 72 ndi 30, pamene pamayambira kunenepa kodetsa nkhawa.

Mu 2005 akatswiri anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa magulu 12 a m'mayiko osiyanasiyana, anthu pafupifupi 60,000. Anapeza kuti munthu wa BMI 20 ali pa chiopsezo chothyoka chiuno chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa BMI 25. Koma wa BMI 30 chiopsezo chake chinatsika ndi magawo 17 okha pa 100. Manambala awiriwa ali ndi phunziro lonse la mutu uno. Kwa mayi wathu uja, makilogalamu 12 amene ali pakati pa 48 ndi 60 ndi chitetezo chachikulu. Makilogalamu 12 otsatira, kuchoka pa 60 kufika pa 72, amawonjezera chitetezo chochepa chabe, ndipo amabwera ndi mavuto awoawo.

Zaka 10 m'mbuyo mwake, mu 1995, kafukufuku wa ku America amene anatsatira amayi 9,516 a zaka 65 kupita m'tsogolo anali ataonetsa mbali ina. Amayi amene ankalemera mochepera mmene ankalemerera ali ndi zaka 25 ankathyoka chiuno kwambiri. Chimodzimodzinso amene sankatha kudzuka pampando osagwira ndi manja, ndi amene ankakhala choimirira kapena kuyenda maola anayi okha kapena osakwana pa tsiku. Kafukufuku wina wotsatira anatsimikiza kuti kutaya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi munthu atapyola zaka 50 kumakweza chiopsezocho. Choncho pali kusiyana pakati pa munthu amene ndi wochepa thupi chibadwire koma ndi wojintcha, ndi amene akutsika sikelo chaka ndi chaka. Wachiwiriyu ndi amene mafupa ake akusungunuka limodzi ndi thupi.

Kwa nthawi yaitali madokotala ankaphunzitsidwa kuti kufooka kwa mafupa si vuto la anthu akuda. Maganizowa anakula pambuyo pa 1968, pamene Louis Solomon wa ku Johannesburg analemba kuti kuthyoka chiuno kunali kosowa pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Kafukufuku wa zaka za posachedwa m'dziko lomwelo wapeza kuti vutoli ndi lofala kwambiri kuposa mmene ankaganizira, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Celia Gregson wa ku University of Bristol lakhala likulifufuza ku Zimbabwe, South Africa ndi Gambia. Kuno ku Malawi zaka zimene mwana wobadwa amayembekezeka kukhala ndi moyo zakwera kuchoka pa zosakwana 50 cha m'ma 2000 kufika pa zoposa 60. Anthu akamafika paukalamba ambiri, mafupa othyoka amachulukanso.

Mmene okalamba amawondera ku chigwa cha fodya

Moyo wa mlimi wa ku Chulu, Santhe, Wimbe kapena Chamama m'boma la Kasungu uli ndi mbali imene imakomera mafupa. Kuthirira nazale ndi makheni mu Okutobala, kuunda mizere, kutunga madzi pa mjigo ndi chidebe cha malita 20 chimene chimalemera makilogalamu 20, kunyamula matumba a makilogalamu 50, kuyenda wapansi kupita kumsika: zonsezi ndi katundu amene fupa limamva n'kulimba. Munthu wa mu ofesi ku Lilongwe amachita kulipira ndalama kuti akanyamule zitsulo, pamene wakumudzi amazipeza m'ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Vuto ndi lakuti ntchito yambiri imagwa nthawi imodzi ndi chakudya chochepa. Kuwokera fodya mu Disembala, kupalira, kubandira, kuthyola ndi kusoka masamba mu Febuluwale, zonse zimachitika nkhokwe zitatha ndipo msika wa fodya wa ku Chinkhoma usanatsegulidwe. M'miyezi imeneyi anthu ambiri amatsika thupi. Wachinyamata amabwerera m'malo chimanga chikacha. Wokalamba sabwerera yense, chifukwa minofu ya munthu wa zaka 70 imatha msanga koma imamera mochedwa, ndipo kawirikawiri zimene amabwezera pa nthawi yokolola ndi mafuta. Dzinja lililonse limachotsako pang'ono. Mabanja amene ankakhala m'maesiteti ngati matenanti, kudalira phoso loyezeredwa ndi mwini munda, anadutsa m'zimenezi zaka zambiri dongosololi lisanathetsedwe ndi lamulo mu 2021. Ndipo njala ya 2002, imene inakantha Kasungu kuposa maboma ambiri mpaka anthu kudya gaga ndi zitsa za nthochi, inapeza ena ali pa msinkhu womanga mafupa. Amene anali ndi zaka 40 nthawi imeneyo lero adutsa 60.

Ngakhale chaka cha zokolola zabwino, agogo amawonda pa zifukwa za pakhomo. Onani mmene chakudya chamadzulo chimayendera m'nyumba imene agogo akulera zidzukulu. Ndiwo ndi usipa wochepa wokazinga. Agogo mano anatha, ndiye usipa wouma sangautafune. Amaukankhira kwa ana n'kumasunsa nsima mumsuzi. Mawa lake m'mawa amwa tiyi wopanda mkaka, mwina ndi mbatata. Mimba yadzaza, palibe amene wagona ndi njala, koma zomanga minofu ndi mafupa sizinalowe. Zikapitirira chaka chathunthu chitenje chimayamba kuzungulira kawiri, ndipo apabanja amangoti ndi ukalamba. Akale anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, pophunzitsa kuti kholo silinyozedwa. Pa nkhani ya thanzi, mwendo wa mayi ukayamba kuchepa ana ayenera kuuona msanga.

Fodya amene amabweretsa ndalama m'bomali amawononganso mafupa a omusuta. Utsi wake umafooketsa maselo omanga fupa, umachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo umafulumizitsa mayi kusiya kusamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Kafukufuku wofalitsidwa ku Britain mu 1997 anapeza kuti pa zaka 70 mayi wosuta ali pa chiopsezo chothyoka chiuno chokwera ndi magawo 41 pa 100 kuposa wosasuta. Chingambwe chopichira pa pepala sichisiyana ndi ndudu ya m'sitolo. Kachasu naye amalanda malo a chakudya, amafooketsa fupa, ndiponso amagwetsa.

Pali mankhwala ena ofunika kuwadziwa. Anthu ambiri amene anayamba kumwa ma ARV zaka 15 kapena 20 zapitazo tsopano akukalamba. Kachilombo ka HIV pakokha kamafooketsa mafupa, ndipo tenofovir, amene ali m'mapilitsi amene ambiri amamwa, amachotsako fupa pang'ono makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala, pakuti kuwonda kobwera ndi matenda osachizidwa kumawononga mafupa koposa. Ndi chifukwa chosamalira kadyedwe ndi kuuza dokotala msana ukayamba kupweteka. Prednisolone, amene ena amagula okha pofuna kuziziritsa mphumu kapena nyamakazi, akamwedwa miyezi itatu kapena kuposerapo amadya mafupa mofulumira. Jakisoni wolera wa Depo amatsitsanso kulimba kwa mafupa, koma mbali yaikulu imabwerera mayi akasiya kubayitsa.

Kunenepa si mankhwala

Wina atha kumva zonsezi n'kuganiza kuti njira ndi kunenepa basi, makamaka kwathu kuno kumene thupi lalikulu limatengedwa ngati chizindikiro cha mtendere. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopyola muyezo, pamene owonda mopyola anali 7 pa 100. Pa boma la Kasungu ndi m'misika ikuluikulu ngati Nkhamenya, chiwaya, mandasi ndi zakumwa zashuga zafika paliponse.

Makina akayeza munthu wonenepa kwambiri amapezadi fupa lokhuthala, koma kukhuthalako sikukwanira katundu amene fupalo likusenza. Kafukufuku wa amayi oposa 60,000 a m'mayiko 10, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anapeza kuti onenepa kwambiri amathyoka akakolo kawirikawiri kuposa anzawo. Munthu wolemera akapotoza phazi, thupi lonse limatsamira pa kafupa kakang'ono ka pa kakolo. Amagwanso pafupipafupi chifukwa mawondo amakhala akupweteka ndipo miyendo siyankha msanga akaterereka. Mafuta a pamimba amatulutsa zinthu zimene zimalimbikitsa maselo okumba fupa, komanso amamwa vitamini D n'kumusunga kumene thupi silingamugwiritse ntchito mosavuta. Matenda a shuga a akuluakulu, amene amayenda ndi kunenepa, amapanga fupa looneka lokhuthala pa makina koma losachedwa kusweka.

Nanga wokalamba wonenepa amene dokotala wamuuza kuti atsitse thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi atani? Funso limeneli linayesedwa ku St. Louis, ku America, pa anthu 107 onenepa kwambiri a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2011. Patatha chaka, amene anangochepetsa chakudya anataya pafupifupi magawo atatu pa 100 a fupa la m'chiuno. Amene anachepetsa chakudya uku akuchita masewera olimbitsa minofu anatsika thupi mofanana, koma anataya gawo limodzi lokha. Amene anangochita masewera osachepetsa chakudya fupa lawo linawonjezekera. Wokalamba akafuna kutsitsa thupi achepetse shuga, mafuta ndi kukula kwa mitanda ya nsima, asachepetse ndiwo, atsike pang'onopang'ono, ndipo miyendo ikhale ikugwira ntchito.

Zimene fupa limafuna m'mbale

M'thupi la munthu wamkulu muli kashiamu pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo magawo 99 pa 100 ali m'mafupa ndi m'mano. Kagawo kotsalako kali m'magazi, kumene mtima ndi minofu zimakadalira kuti zigwire ntchito. Chakudya chikapanda kubweretsa kashiamu, tiziwalo tinayi ta m'khosi totchedwa parathyroid timalamula kuti akatengedwe m'mafupa. Mabungwe a WHO ndi FAO amalangiza mamiligalamu 1,000 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndi 1,300 kwa mayi amene anasiya kusamba ndi bambo wopyola zaka 65.

Nsima ya chimanga ilibe kanthu pa nkhani imeneyi: magalamu 100 a ufa ali ndi mamiligalamu osakwana 10. Mawere, amene makolo ankalima kwambiri ndipo lero amangotsala a chimera cha thobwa, ali ndi oposa 300 pa muyezo womwewo. Gwero lalikulu kwa Amalawi ambiri ndi nsomba zing'onozing'ono zimene zimadyedwa ndi minga yomwe: usipa, matemba, kapenta, bonya. Kwa agogo opanda mano nsombazi zingakazingidwe pang'ono, kusinjidwa n'kuthiridwa m'phala kapena m'ndiwo zamasamba. Pa masamba, mpiru, repu ndi chayinizi zimapereka kashiamu amene amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa mu bonongwe. Nkhwani, chisoso, chigwada, masamba a chamwamba ndi ufa wa malambe zimathandizanso, ndipo kumene kuli ng'ombe kapu ya mkaka kapena chambiko imapereka mamiligalamu pafupifupi 300.

Kashiamu payekha samanga fupa ngati minofu ikutha. Wokalamba amafunika zakudya zomanga thupi zochulukirapo kuposa wazaka zapakati, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mwayi wa Kasungu ndi wakuti mtedza ndi soya zimalimidwa pomwepo. Thumba limodzi likapatulidwa mavenda asanafike, phala la mgaiwa wosakaniza soya ndi nsinjiro, nyemba zophikidwa mpaka kufewa, ndi dzira apo ndi apo zingasunge thupi la agogo dzinja lonse. Vitamini D, amene amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu, khungu limapanga lokha padzuwa. Amene amasowa ndi amene agonekedwa m'nyumba osatulutsidwa.

Kuyeza popanda makina

Kulimba kwa mafupa kumayezedwa ndi makina otchedwa DXA, ndipo mu 1994 bungwe la WHO linakhazikitsa malire osonyeza pamene fupa lafika pa osteoporosis. Makinawa sapezeka m'zipatala za m'maboma. Sikelo yokha ndi imene ili paliponse. Ku Chinkhoma belo lililonse limakwera pa sikelo. Venda wa soya amapachika yake pamtengo. Mwana amayezedwa mwezi ndi mwezi mpaka zaka zisanu, mayi woyembekezera chimodzimodzi. Wokalamba yekha ndi amene amatha zaka osadziwa makilogalamu ake, ngakhale kuti kwa iye nambalayo imanena zambiri.

Mu 2001 akatswiri a ku Asia anakonza kawerengedwe kosavuta ka amayi amene anasiya kusamba: chotsani zaka za munthu pa makilogalamu ake, yankholo mulichulukitse ndi 0.2. Mayi wa zaka 60 wolemera makilogalamu 62 amapeza nambala yoposa ziro, ndipo chiopsezo chake ndi chochepa. Wa zaka 72 wolemera makilogalamu 45 amapeza yotsika kupyola -4, imene imamuika m'gulu la chiopsezo chachikulu. Kawerengedweka kanakonzedwa pa amayi a ku Asia ndipo ntchito yake ndi kuloza amene ayenera kuonedwa ndi dokotala. Mwachidule, zaka zikapitirira makilogalamu ndi patali, mafupa afunika kuganiziridwa.

Zizindikiro zina banja lingazione lokha. Munthu amene wafupika ndi masentimita anayi kapena kuposerapo poyerekeza ndi msinkhu wa paunyamata wake, kapena amene msana wayamba kupindika, kawirikawiri amakhala kuti mafupa ena a msana anaphwanyika mwakachetechete. Wotereyu asiye kusenza zolemera pamutu ndi kunyamula matumba chowerama, koma asasiye kuyenda. Kulephera kudzuka pampando osagwira ndi manja kumasonyeza kuti minofu ya ntchafu yatha. Kuthyoka mkono pafupi ndi dzanja pongogwa pabwalo ndi chenjezo lakuti chiuno chingatsatire. Chikhakha chikachotsedwa nkhani isathere pomwepo. Ndipo kutsika ndi magawo asanu pa 100 a thupi m'miyezi 6 mpaka 12 popanda kufuna, monga makilogalamu atatu kwa munthu wa 60, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala, pakuti kumbuyo kwake kungakhale chifuwa chachikulu, shuga, HIV, khansa kapena matenda a nkhawa.

Mtengo wa kuthyoka ndi mtengo wa kupewa

Chiuno chikathyoka paukalamba, moyo umakhala pa ngozi. M'mayiko ambiri mmodzi mwa anthu anayi kapena asanu othyoka chiuno amamwalira chaka chisanathe, makamaka chifukwa cha chibayo, zilonda za pogona ndi magazi oundana m'mitsempha. Ku Malawi ntchito yaikulu ya mafupa m'maboma imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1985 pa ntchito imene anayambitsa dokotala wa ku Canada, Edward Blair. Kumene opaleshoni siitheka, wodwala amagonekedwa milungu 6 kapena kuposerapo mwendo utakokedwa ndi chingwe chomangirira cholemera. Fupa lothyokalo limatha kulumikizika, koma milungu yogonayo imadya minofu ndi mafupa ena onse. Opaleshoni imene imadzutsa munthu msanga imachitikira ku zipatala zazikulu, monga Kamuzu Central ndi chipatala cha mafupa cha LION chimene chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu. Pali mankhwala ochepetsa liwiro la maselo okumba fupa, monga alendronate amene amamwedwa kamodzi pa mlungu, ndipo amene wathyoka kale pongogwa pang'ono ayenera kufunsa dokotala za mankhwalawa.

Poyerekeza ndi zonsezi, kupewa n'kotsika mtengo. Njira yopita kuchimbudzi isalazidwe, tochi ikhale pafupi ndi mphasa, ndodo isachititse manyazi, maso a ng'ala akachitidwe opaleshoni, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi akamachititsa chizungulire dokotala auzidwe. Kudzuka ndi kukhala pampando maulendo 10 m'mawa ndi madzulo, kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, kuyenda kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kuvina chimtali pa ukwati, zonsezi zimasunga minofu ya ntchafu.

Pali ulemu wina umene umapweteka. Ana akayamba kupeza bwino amalanda kholo khasu, mtondo ndi chidebe, n'kulikhazika pakhonde kuti lipume, koma osayang'ana zimene zili m'mbale yake. Kholo lotero limataya zinthu ziwiri zimene mafupa ake ankadalira, katundu ndi chakudya chomanga thupi. Zolemera kwambiri achotseredwedi, koma kadimba, mbuzi ndi ulendo wa kumsika zisiyidwe m'manja mwawo. Ndipo popita ndi mdzukulu ku sikelo, agogo nawonso akwere, mlangizi wa zaumoyo alembe makilogalamuwo m'buku lawo la kuchipatala kawiri pa chaka, pokolola ndi pakati pa dzinja. Nambala ikatsika kawiri motsatizana, banja lifufuze chifukwa chake agogowo akadali oyenda okha.